Mwala wa Pansi pa Zitosi za Mileme

Nasibeko atatola mwala wobiriwira wosowa, Bwana Chikakuda, mwini esiteti, anamuitanitsa.

"Undionetse pamene wautola, apo ayi usamuke lero lomwe."

"Bwana, mwala umenewu umapangika pamene madzi a zitosi za mileme alowerera m'thanthwe. Phanga la milemeyo lili kumtunda kwa munda wanga. Koma chonde, musanditayire nyansizo m'munda."

"Malo ndi anga! Nditaya pamene ndafuna."

Bwana ndi antchito ake anakumba m'phangamo mpaka pathanthwe, zitosi zonse n'kumazikhuthulira dala m'munda mwa Nasibeko. Anatuluka akununkha, mwala osaupeza.

Nthawi ya dowe itakwana, Nasibeko anawapititsira chimanga chonenepa ngati mkono.

"Pepani bwana, miyala inakukanani. Koma wothira manyowa ngati inu sindinamuonepo. Chaka chamawa mubwerenso."