Funso la Katekisiti kwa Shehe Sanudi

Tsiku lina chakumasana, ana a madrasa atangobalalika, kwa Shehe Sanudi, Allah awachitire chisoni, kunafika mlendo. Anali a Gelevaziyo Kamtsitsi, katekisiti wa tchalitchi chaching'ono cha Katolika cha kutsidya kwa dambo. Awiriwa ankadziwana monga amadziwirana anthu a dera limodzi, pamaliro, kuchigayo, panjira ya kumsika, koma a Gelevaziyo anali asanapondepo pakhonde la Shehe. Anatsamiritsa njinga yawo pamtengo wa bwemba, navula chipewa, n'kuodira ali chapatali.

Shehe anali atakalamba ndithu, maso atayamba kuchita chifunga, koma anadzuka okha kukayala mkeka. Anafunsa za kunyumba, za ana ndi za kumunda, osafulumira. Malonje atatha anangodikira kuti mlendo amasule yekha katundu wake.

"Shehe, ndabwera ndi manyazi," anatero a Gelevaziyo, "pakuti nkhani ndadzerayi ndi ya nyumba ina, si ya mumzikiti. Koma mbiri yanu ili ponseponse. Akuti mwana ngakhale akhale wouma mutu chotani, akakhala pamkeka wanu amadzatuluka ataloweza masura ataliatali a m'Kurani, m'chilankhulo choti si cha amake. Chonde, ndigawireniko njira yanu. Zanga zonse zandithera."

"Mbiri imanenepa ikamayenda, aphunzitsi," anayankha Shehe. "Amene anandikanika sawatchula. Kodi wakuvutaniyo ndi mwana wa yani?"

"Si mwana, Shehe. Ndi mayi wachikulire, aNankhoma, a kumapeto kwa mudzi wathu."

Tsono a Gelevaziyo anafotokoza. ANankhoma sanali munthu wa tchalitchi chiyambire. Amene ankapemphera anali mwana wawo mmodzi yekhayo, Rozaliya, mtsikana amene a Gelevaziyo anamuphunzitsa okha katekisimu. Anali wamutu wakuthwa, womva kamodzi n'kusunga, ndipo atakula ndiye ankayambitsa nyimbo mukwaya. Rozaliya anadwala kanthawi kochepa, n'kutsikira kuli chete. Akhristu anamuika ndi mwambo wonse, akumuimbira nyimbo zomwe iye ankaimba. Lamulungu lotsatira, aNankhoma anatulukira patchalitchi, mutu uli mpala wa maliro. Anakhala kumbuyo kwenikweni mpaka mapemphero kutha, kenaka anadzagwada pafupi ndi a Gelevaziyo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndilembeni. Ndikufuna ndidzadye chimene ankadya mwana wanga."

"Ndinawalemba m'kalasi ya ubatizo," anapitiriza a Gelevaziyo. "Papita zaka tsopano. Ndawabwerezera mafunso ndi mayankho mpaka mawu kusasa. Ndawasonyeza zithunzi. Ndawawerengera malamulo khumi ndi njere za chimanga, limodzilimodzi m'dzanja mwawo. Lero agwira, mawa zonse zauluka. Ansembe kwathu amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera, ofuna ubatizo amafunsidwa mafunso. ANankhoma akangoimirira pamaso pawo, milomo imanjenjemera, mawu osatuluka. Ana amene anayamba nawo kalasi anabatizidwa kalekale, ena ali pabanja. Tsiku la ubatizo mayiwa amawaimbira anawo nthungululu, n'kubwerera kwawo okhaokha. Koma sabata yotsatira mudzawapeza ndi oyamba kufika, akusesa pabwalo."

Apa a Gelevaziyo anali kuona m'maganizo mwawo mmene zimakhalira ansembe akabwera: akhristu ali pamzere kupita kutsogolo kukalandira mkate wopatulika, aNankhoma atatsala okha pabenchi lakumbuyo, khosi litatambasuka, maso akuperekeza aliyense mpaka kuguwa. Kawirikawiri a Gelevaziyo ankalakalaka Rozaliya akanakhalapo, kuti mwina mwanayo akanadziwa powagwira amake.

"Tsopano akutsokomola, thupi latha," anatero ndi mawu otsika. "Ansembe abwera mvula isanayambe. Ikangogwa, dambo lija lidzaza, galimoto silidutsanso mpaka masika, ndipo sindikudziwa ngati mayiwa adzawaone masikawo. Malamulo athu amandilola kuti munthu akadwalika ndimubatize ndekha ali pamphasa. Koma iwo sakufuna ubatizo wa pamphasa. Akufuna ayende ndi miyendo yawo, akaime pamzere uja pamene ankaima mwana wawo."

Shehe anamvetsera osadula mawu. Kenaka anati, "Aphunzitsi, za ubatizo ndi za chakudya chanucho ine sindingaweruze. Pa zimenezo inu ndi ine timasiyana, ndipo Mwini wake adzatifotokozera tonse tsiku lomaliza. Koma mwandifunsa za kaphunzitsidwe, ndiye mundilole ndikufunseni pang'ono, poti inenso ndine wophunzira. Mukawafunsa muli awiri, popanda ansembe, amayankha chiyani?"

"Dzana ndinawafunsa kuti, Ukaristia n'chiyani? Limenelo ndi dzina la chakudyacho. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anati, 'Aphunzitsi, mawuwo andithawanso. Koma ndi chija ndimachilira chija.'"

"Inu munati chiyani?"

"Ndinawauza kuti yankho lake si limenelo, tibwerezenso."

Shehe anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Kodi palibiretu kanthu kamene mutu wawo umasunga?"

"Palibe, Shehe. Kupatula nyimbo basi."

"Nyimbo zanji?"

"Zomwe ankaimba Rozaliya. Zimenezo ndiye saphonya ngakhale liwu limodzi. Amaimba posinja, amaimba potunga madzi. Pakagwa maliro m'mudzi, kaya ndi a Mkhristu kaya ndi a yani, amakhala pambali pa ofedwa n'kumaimba chapansipansi mpaka olirawo atonthole."

"Pepani, ine nyimbo zanu sindizidziwa. Zimanena chiyani?"

A Gelevaziyo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anayamba kuzidutsa nyimbozo mumtima, imodziimodzi. Ina inkanena za Mulungu amene analenga zonse. Ina inkanena za mtanda ndi kukhululukidwa kwa machimo. Ina, imene aNankhoma ankaikonda koposa, inkanena za mkate wotsika kumwamba ndi za akufa amene adzauke. Anatembenuza chipewa m'manja.

"Zimanena zomwezo," anayankha potsiriza. "Zomwe zili m'katekisimu."

"Ndiye kuti mawu alimo," anatero Shehe, "kungoti sanalowere pakhomo limene inu mwaimapo. Ine ndilibe njira yachinsinsi, aphunzitsi. Mwana akabwera, masiku oyamba sindimuphunzitsa kanthu, ndimangomuyang'ana. Wina amagwira ndi maso, wina ndi khutu, wina mpaka agwedeze thupi akulakatula ndi anzake. Ndikapeza polowera pake, ndimadzera pomwepo. Mayiwa khomo lawo linatsegulidwa ndi mwana wawo. Pitani kwawo, mukakhale pansi, muwapemphe akuimbireni. Akamaliza ndime, muwafunse kuti imeneyi ikunena yani. Mudzamva zimene adzayankhe."

A Gelevaziyo anawomba m'manja mwaulemu, koma nkhope yawo sinamasuke.

"Ndamva, Shehe, ndipo ndikachita. Koma tsiku la mafunso si tsiku la nyimbo. Akadzaima pamaso pa ansembe adzanjenjemeranso, ndipo adzabwezedwanso."

"Amawabweza ndani? Ansembewo ndi munthu waukali?"

"Iyayi, ndi munthu wofatsa kwambiri. Koma ali ndi matchalitchi ambiri, anthu athu sawadziwa bwino. Akafunsa mafunso awo, amatembenukira kwa ine n'kunena kuti, 'Aphunzitsi, awa akonzeka?'"

"Inu mumati chiyani?"

"Ndingatinso chiyani, poti alephera ine ndikumva ndi makutu anga? Ndimati ayambe aphunzirabe. Ndimaopa, Shehe. Zinthuzi ndi zoyera. Ndikalowetsa munthu wosadziwa, ndikayankha chiyani kwa Mulungu?"

Shehe anayang'ana kubwalo kumene kunali mapazi a ana m'fumbi, ndipo atayankhula, mawu awo anali a munthu amene akukumbuka zakutali.

"Mantha amenewo ndi abwino, musawataye. Mphunzitsi wosaopa Mulungu ndi woopsa kuposa njoka ya m'nyumba. Koma ndikuuzeni za kwanga kuno. Pamkeka mwakhalapowu padutsa ana ambiri. Ena anali ndi mitu ngati ya Rozaliya wanuyo, ankaloweza ngati akumwa madzi, ndipo ine ndinkanyadira. Lero ena mwa iwo akamva kuitana kwa swala kumzikiti amangopitiriza bawo. Mawu onse ali nawobe, mutawafunsa angakulakatulireni osaphonya. Ndimakhala pano madzulo n'kumawayembekezera, mwina wina atulukira. Mawu ndinawapatsa, pakuti mawu ndiwo ndinali nawo. Koma njala yofuna Mulungu ndinalephera kuwapatsa, chifukwa imeneyo sigawidwa ndi mphunzitsi. Amaika yekha Mwini wake, mumtima umene wafuna. Ine ndakalamba ndikupempha kuti anditumizireko ophunzira otero, olira chimene sanachilandire. Inu anakutumizirani mmodzi, wakhala akukuseserani pabwalo zaka zonsezi."

Misozi inalengeza m'maso mwa a Gelevaziyo. Anafunsa kuti, "Nanga tsono tsikulo ndikatani, Shehe?"

"Ansembe anu akadafuna mayankho okha, sakadatembenukira kwa inu, pakuti mayankho amadzimvera okha ndi makutu awo. Amakufunsani chifukwa iwo amawaona mayiwa tsiku limodzi, pamene inu mwawaona zaka. Simunaikidwe pamudzipo kuti mukhale wofunsa wachiwiri. Munaikidwa kuti mukhale mboni. Tsono tsikulo musakaime kumbali ya mafunso. Mukaime pambali pa mayiwo, ndipo akadzakufunsani ngati akonzeka, musakanene zimene aiwala. Mukanene zimene mwaona."