Ufa Woyera wa Mayi Khoswe

Khoswe ndi Mbewa anali pachisuweni, koma nkhani ya chakudya inkawayambanitsa nthawi zonse. Khoswe ankakhala kuseri kwa chigayo, ndipo ana ake awiri ankadya ufa woyera wokhawokha, m'mawa, masana ndi madzulo. Mbewa ankakhala kumunda, ndipo chaka chimenecho mvula inadula msanga. Umphawi wake unkachita kuonekera patali.

Komatu pa nkhani ya kadyedwe, Mbewa anali katswiri. Lachitatu lililonse ankasonkhanitsa amayi anzake patsinde pa mthethe n'kumawaonetsa kaphikidwe ka phala la osauka: gaga pang'ono, nsinjiro zodzaza chikhatho, bonongwe wosinja, ndi ngumbi zouma zikapezeka. "Palibe chogula apa," ankatero. "Zambiri mwa izi timangoziponda ndi mapazi."

Tsiku lina anapita kukaitana msuweni wake. Anam'peza akusesa gaga kuti akataye kudzala.

"Asuweni, musataye ameneyo, mphamvu ya chimanga ili m'menemo. Bwerani Lachitatu mudzaone."

Khoswe anaseka mpaka ufa unayoyoka m'ndevu zake. "Ine ndikaphunzire kudya kwa inu, asuweni? Gaga n'chakudya cha nkhumba, ndipo bonongwe amamera pakhola. Taonani mmene wanenepera mwana wanga wamkuluyu!"

Mbewa atamuyang'ana mwanayo, mtima wake unamyuka. Ubweya unali utafiira ndipo unkathothoka. Mwana sankasewera, ankangokhala ndwii pakhomo. Mbewa anagwada n'kudina phazi la mwanayo ndi chala, ndipo atachotsa chalacho panatsala kadzenje kosafuna kutsekeka.

"Asuweni, uku si kunenepa ayi, mwanayu watupa," anatero Mbewa. "Mimba ikukhuta, koma thupi likufa ndi njala. Tiyeni naye kuchipatala lero lomwe."

"Nsanje basi!" anakalipa Khoswe. "Chokani pakhomo panga, musandilaulire mwana."

Mbewa anachoka akugwetsa misozi. Pochoka anasiya kaphukusi ka nsinjiro pakhonde, poganiza kuti mwina mtima ukatsika adzakatola. Khoswe anakatoladi, koma anakaponya kudzala pamodzi ndi gaga uja.

Sipanathe masabata awiri. Mwana uja anayamba kukana ngakhale ufa woyera womwewo, ndipo m'mawa wina sanadzuke. Kalanga ine, kulira kwake kwa Khoswe kunamvetsa chisoni ndi odutsa m'njira omwe! Amayi a patsinde pa mthethe anabwera onse kudzakhuza maliro, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Paja tinanena."

Atabwerako kumanda, Khoswe anaitana mwana wake wotsalayo. Anadina phazi la mwanayo monga anachitira Mbewa. Anachotsa chala n'kudikira. Kadzenje kanatsala.

Khoswe anadzambatuka. Anathamangira kudzala n'kuyamba kufukula phulusa ndi zinyalala mpaka zikhadabo zinatuluka magazi, kufunafuna kaphukusi kaja. Sanakapeze, chiswe chinali chitadya kale. Anabereka mwana wake n'kulunjika kumunda kwa Mbewa.

"Asuweni," anatero ali chogwada, "ndaika mwana m'manda ufa uli tho m'nyumba. Ndithandizeni, uyu yekha asapite."

Mbewa sanam'dzudzule. Anam'perekeza kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo atatulukako, phala la osauka lija ndi limene linam'bwezera mwanayo mphamvu. Anachira, anayambanso kuthamanga ndi anzake. Koma pakhomo pa Khoswe pankasewera mwana mmodzi pamene pakanasewera awiri.

N'chifukwa chake mpaka lero mukapita kudzala mumam'peza khoswe akufukula. Musam'seke. Akufunafuna chimene anataya tsiku lija.

Phunziro: Kukhuta si kudya bwino. Chakudya chimene timachinyoza kuti n'cha osauka ndi chimene chimamanga thupi la mwana. Ndipo wokuchenjeza usam'yese mdani, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.