Thobwa mu Laputopu ya Sukulu

Abale anga, pa sukulu ina ya sekondale kumudzi panali kalaliki. Ntchito yake inali kulemba mu laputopu ya sukulu mayina a ana a folomu 4, kuti awatumize kwa oyendetsa mayeso. Ana 160, ndi zithunzi zawo zomwe. Tsiku lotseka linali Lachisanu, 4 koloko madzulo. Dzina losafika, mwana salemba.

Ahedi anali atalamula kuti pa tebulo la laputopuyo pasafike chakumwa, ngakhale malovu. Koma kalalikiyu ndi thobwa, eee, anali ngati mbuzi ndi mchere. Lachisanulo m'mawa akukhutchumula botolo kuti nsenga zikwere, chivindikiro chinathawa. Thobwa lonse khuthu pa mabatani. Anapukuta ndi mpango, anapukuta ndi tayi, anauzira ngati akukoleza mbaula.

Laputopu inayaka ndithu, koma inatulutsa kabokosi kachizungu, kakuti pachitika vuto. Vuto lanji, osanena. Lili pati, osanena. Kungoyala manambala ataliatali ngati a foni ya ku Joni, pansi pake kabatani kakuti uvomereze. Uvomereze chiyani? Akadina, kabokosi kabwerera. Akadinanso, kabwera ndi mng'ono wake. Panja makolo anali atakhala pansi pa mtengo, kudikira kumva kuti mayina apita.

Ahedi anaitanitsa mayi wina wokonza makompyuta ku boma. Anafika pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Asanakhudze kanthu anafunsa kalaliki kuti, "Achimwene, isanayambe zimenezi chinachitika n'chiyani? Inagwa? Inanyowa?"

Ahedi anali chilili kumbuyo kwa kalaliki, mpweya wawo ukumuwomba pakhosi. Kalaliki uja anayang'ana kudenga, mawu ake kuning'a ngati wa sopulano: "Ine madamu sindinaikhudze. Yangoyamba yokha."

Mayiyo anamuuza mosabisa kuti ngati mwalowa madzi anene, azimitse pompo, achotse batire, mayina awapulumutse. Koma akamayatsa ili yonyowa, zam'kati zipsa. Anafunsa kachiwiri. Anafunsa kachitatu. Kalaliki ananamizira magetsi, ananamizira fumbi, mpaka anati mwina aphunzitsi a masamu anailodza poti samuwonera kukondwa. Koma za thobwa, pakamwa gwa.

Basi mayi anayamba kufufuza kumene kunalibe vuto. Yatsa, zimitsa. Yatsa, zimitsa. Kachisanu kunamveka thu, ndipo ofesi yonse inanunkha waya wopsa wosakaniza ndi chimera. Galasi lonse bii. Atamasula tizitsulo ndi kutsegula kunsi, nyerere zinatuluka pamzere ngati anthu ochokera ku ukwati, iliyonse itasenza nsenga yake.

Mayiyo anapukuta zala zake zomatamata, nati, "Mukanandiuza nditangofika, inali ntchito ya mphindi khumi."

4 koloko inakwana popanda dzina ngakhale limodzi lotumizidwa. Ahedi sanakalipe. Anangotsegula chitseko, ndi kuuza kalaliki kuti apite yekha pansi pa mtengo paja akafotokozere makolo. Munthu amene anaopa maso awiri a ahedi anakaima pamaso pa mudzi wonse, tayi ikununkha thobwa.

Mwaseka, koma ena mwabwera nako kabokosi kameneka muno. Mumtima mukungomveka kuti pali vuto, mtendere palibe, pemphero silikwera, ndiye mukuti simukudziwa chifukwa chake. Mukudziwa. Munalipo pamene botolo linkatseguka. Mulungu akamafunsa kuti wachita chiyani, si kuti sakudziwa ayi, fungo analimva ali pakhomo. Akufunsa kuti akupulumutse zisanapse. Iwe ukuloza satana, ukuloza apongozi, ukuloza aneba. Tchimo lobisa silimauma lokha, limadya m'kati. Ulula lero, Iye akadali kufunsa. Likubwera tsiku limene sadzafunsanso munthu, adzangotsegula.