Dziwe la a Malizani

Kalekale, njira zino zikadali zodutsamo nyama zokha, panali mayi wina dzina lake Nangondo. Mwamuna wake Sankhulani anamutengera kwawo kumtunda, kumene mudzi wonse unkamwa chitsime chimodzi.

Bambo ake a Nangondo, a Malizani, anali msodzi wa mumtsinje. Anakalamba, maso anachita khungu, wowasamala panalibe. Nangondo anapita kukawatenga.

Atafika kumtundako, a Malizani anangoti zii. Chakudya chikabwera ankatapa kamodzi, basi n'kusamba m'manja. Anawonda, mwana wanga, anawonda mpaka nthiti kuonekera.

"Bambo, chikukupwetekani n'chiyani?" anafunsa Nangondo.

"Palibe, mwanawe. Kungoti kuno sindimva madzi."

Nangondo anauza mwamuna wake. Sankhulani anali munthu wamtima wabwino. Anati, "Mtsinje sitingaunyamule, koma dziwe tingakumbe kuseri kwa nyumbaku." Ananyamuka ulendo wakumtsinje kwa apongozi ake, n'kubwerako ndi tiana ta nsomba za makumba mumtsuko.

Tsono nkhani inavuta pa malo okumba.

"Tikumbe padzuwa," anatero Sankhulani. "Nsomba zimakula ndi madzi ofunda."

"Ayi, amuna anga, tikumbe pansi pa mkuyu," anatero Nangondo. "Padzuwa madzi aphwa."

Sankhulani anali atagwira kale khasu. Anakumba padzuwa, pakati penipeni pa bwalo lakuseriko. Anakumba, anakumba, n'kumata dongo. Nangondo anatunga madzi, anatunga, mpaka khosi kuuma. Anathiramo nsomba zija.

Dzuwa linawala. Madzi anatentha, ndere inadzaza, dziwe lonse kubiriwira. Madzi anayamba kuphwa. Nsomba zinatulutsa milomo pamwamba n'kuyamba kuimba:

"Tapsa ife, tapsa,
Sankhulani, tapsa,
Watiphika tili moyo."

Zina zinafa, mimba kuyera m'mwamba.

"Ndinanena ine," anatero Nangondo. Anatenga khasu yekha, n'kukumba pansi pa mkuyu, patsinde penipeni. Anadula mizu, anamata dongo, anatunganso madzi. Anasamutsirako nsomba zotsala.

Pamenepo dzuwa silinkafika. Masamba anagweramo, nkhuyu zinagweramo, zonse n'kuwolera momwemo. Madzi anada bii, anazizira, anayamba kununkha. Nsomba zinasiya kudya n'kuyamba kuimba:

"Tazizidwa ife, tazizidwa,
Nangondo, tazizidwa,
Watikwirira tili moyo."

Zinanso zinafa. Zotsala zinali zoti n'kukwana m'manja. Anazibwezera mumtsuko muja.

Apa ndiye m'banjamo munabuka mkangano. Uyu ati walakwa ndiwe, uyu ati mwayamba ndinu. Sankhulani anataya khasu pansi.

"Ndatopa ine. Tingoziphika, apongozi anyambiteko."

Pansi pa mtsukowo pankakhala Chule, chifukwa panali ponyowa. Chule anatuluka, n'kuwayang'ana onse awiri.

"Phokoso lanu landitopetsa," anatero Chule. "Inu mwanena zanu, awanso anena zawo. Nanga eni nsombazi mwawafunsa?"

"Munthu wosaona angadziwe bwanji pokumba?" anatero Sankhulani.

"Ine ndanena," anatero Chule, n'kudumphira m'udzu.

Nangondo anachita manyazi. Anapita pakhonde pamene panagona bambo ake, n'kugwada.

"Bambo, takumba padzuwa, zakanika. Takumba pamthunzi, zakanika. Tikumbe pati?"

A Malizani anatembenukira kwa iye. Kenako anadzuka pang'onopang'ono.

"Ndimamva makasu anu tsiku ndi tsiku," anatero. "Ndimati mwina kufunsa nkhalamba kunatha. Mawa kukacha undigwire dzanja, utengenso mphasa."

Kutacha, Nangondo anawatsogolera kuseri kwa nyumba. A Malizani anavula malaya.

"Mkuyu uli kuti?"

"Uli apa, bambo."

"Ndipititse kumbali yake yotulukira dzuwa."

Anawayalira mphasa. Anakhala pang'ono, tsamba n'kuwagwera paphewa.

"Pano ayi. Tasendera kwambiri kumtengo. Tiye kutsogolo."

Anasuntha mphasa. Anakhalanso. Dzuwa lammawa linawaomba pachifuwa, iwo n'kugwedeza mutu. Linafika paliwombo, thukuta kutsika, iwo osasuntha. Sankhulani anabwera ndi madzi akumwa, n'kugwada chapatali.

"Apongozi, mupsa. Bwererani pakhonde."

"Dikirani, akamwini. Pali mlendo amene ndikumudikira."

Dzuwa litangopendeka, mthunzi wa mkuyu unayamba kukwawa. Unakwawa, unakwawa, mpaka unafika pamsana pa a Malizani. Iwo anamva kuzizirira, n'kuseka. Aka kanali koyamba kuseka chibwerere kumtundako.

"Wafika mlendo uja. Masamba akugwera pano?"

"Ayi, akugwera uko," anatero Nangondo.

"Kumbani pompano. Nsomba ikadzuka imafuna dzuwa. Likakula mphamvu imafuna pobisala. Ndiye mbali imodzi muzamitse, kuti kukatentha zizitsikira pansi."

Sankhulani anatola khasu lija. Anakumba, Nangondo akuwola dothi. Pomata dongo, a Malizani anati, "Ntchito imeneyo ndi yanga." Anawatsitsira m'dzenjemo. Anamata ndi manja awo, akupapasa, osasiya mng'alu ngakhale umodzi. Atatuluka anali matope mpaka m'mawondo.

"Nangondo, kodi m'nyumbamo muli mbatata? Njala yandigwira."

Nangondo anathamanga, misozi ili mbwembwembwe. A Malizani anadya mbatata zonse, n'kufunsa zina.

Madzi anathiridwa, nsomba zinalowa. Mmawa zinkasewera pamwamba. Masana zinkatsikira pozama, kenako mthunzi n'kufika. Madzi anakhala oyera. Nsomba zinakula, zinaswana, dziwe n'kudzaza. Chule naye anasamukira komweko ndi banja lake. Tsono nyimbo inasintha:

"Tapuma ife, tapuma,
A Malizani, tapuma,
Dzuwa n'lathu, mthunzi n'wathu."

Tsiku lina Sankhulani anabwera m'mbali mwa dziwelo, pamene apongozi ake ankamwaza gaga m'madzi. Anakhala pansi n'kuomba m'manja.

"Apongozi, ndabwera kudzathokoza. Ndinati simungaone pokumba. Mundikhululukire."

"Kuona sindinaone ayi," anatero a Malizani. "Koma wothokoza ndine. Munandikumbira maenje mpaka manja kutupa, sindiiwala. Koma tsiku limene munandifunsa, ndi limene ndinakhalanso munthu."

A Malizani anakhala zaka zambiri. Anthu a m'midzi ina akafuna kukumba maiwe awo ankabwera kudzawatenga, wina atawagwira dzanja, wina atasenza mphasa.

Wamva, mwana wanga? Mwamuna uja ankafuna zabwino, mayi ujanso ankafuna zabwino, koma nsomba zinafa. Ukafuna kuthandiza munthu, yamba wamufunsa. Ndipo amene wakuuza chinthu chimene sunkachidziwa, kaya ndi nkhalamba, kaya ndi chule, uzimuthokoza.

Nthano yanga yathera pomwepo, m'mbali mwa dziwe la a Malizani.