Kakatoni ka Mlamu

Telala wina wamkazi ankatchuka ndi zofunda za zigamba. Ankadula tinsalu ta ngodya zisanu ndi imodzi n'kumatilumikiza pamanja mpaka chofunda chizioneka ngati chisa cha njuchi. Ntchitoyi mutu wake ndi kakatoni koyezera: tizigamba tikapanda kufanana ndendende, chofunda sichiyalika bwino pabedi.

Mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, anabwera kudzaphunzira, ndipo telala anamudulira kakatoni kakekake. Koma mlamuyo anali ndi dzanja. Posakhalitsa makasitomala anayamba kulowa m'chipinda chosokeramo maso ali mwazumwazu, n'kumafunsa ngati mlamu uja alipo. Telala ankaseka ndi mano okha. Kunena zoona, nsanje inamudya mayiyu mpaka tulo kumusowa. Iye ndiye anaphunzitsa munthu kugwira singano, lero azikhala wolozera alendo pampando?

Masiku amenewo telala ankasokera mwana wake wamkazi chofunda cha ukwati, ndipo zigamba zake ankazidula m'madiresi a malemu amayi ake. Kuzungulira konse anali atamaliza. Panatsala pakati, pamene anasungira diresi lobiriwira limene malemuwo ankalikonda koposa.

Tsiku lina kasitomala anayamikira msoko wa mlamu mpaka malovu kuuma. Mlamu atatuluka kukagula ulusi, telala anatenga sizasi n'kusenga kakatoni kaja mbali imodzi, pang'ono chabe, monga mmene munthu amawengera chikhadabo.

“Tione ngati azikuyamikirabe,” anatero chamumtima, n'kukabwezera pamalo pake.

Mawa lake chala cha telala, chimene anali atadzibaya ndi singano posoka, chinatupa kwambiri, ndipo kuchipatala anamugoneka. Ali pabedi ankadandaula kuti ukwati wayandikira chofunda chisanathe. Mlamu, amene ankamubweretsera chakudya, anamva chisoni. Osamuuza telala, anakatsegula kabati, natulutsa diresi lobiriwira lija, nalidula lonse ndi kakatoni kake, n'kusokera tizigambato pakati pa chofunda kuti adzamusangalatse mphunzitsi wake.

Telala atatuluka m'chipatala anapeza chofunda chili patebulo, mlamu atakhala pambali maso ali psuu. Pakati ponse panali patatukumuka ngati beseni lovundikira. Anayesa kusita, anayesa kukoka, koma pakanikizidwa apa pankadzuka apo. Anaphwasula kachigamba kamodzi kuti aone ngati kangakonzeke. Nsalu yayitali umaidula, koma yoperewera ulibe nayo pogwira. Za diresi lija panangotsala tinyenyeswa m'dengu.

“Alamu, ndikhululukireni,” anatero mlamuyo akulira. “Kalikonse ndinayeza ndi kakatoni kamene munandipatsa inu. Kaya manja angawa alowa chiyani.”

Telala anayang'ana kakatoniko, m'mbali mwake mukuonekabe mosalala mmene munadutsa sizasi yake. Akalipe, akalipira yani?

Nthawi yomweyo mwana wake analowa, nasisita pakati pa chofundacho, n'kufunsa motsitsa mawu, “Amayi, diresi la agogo lija ndi limeneli?”

Telala anangogwedeza mutu, misozi ili chuchuchu. Pakati paja anapamata ndi nsalu ya kusitolo imene inalibe fungo la munthu aliyense, ndipo patsiku la ukwati anthu anayamikira chofundacho, iye akuyang'ana pansi. Anafuna kutsitsa mlamu, koma anadula diresi la amayi ake omwe. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.