Mbale Ziwiri za a Chisenga

Overstone Chisenga, injiniya wa ku migodi, anali munthu wosauzidwa kanthu. Akakhala ku mgodi, nthawi yopuma ankawerenga za akatswiri akale a ku Baghdad, amene ankamasulira m'Chiarabu mabuku a Agiriki ndi Amwenye. Akangofika kunyumba ku Girrawheen, dera la mumzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja, mkazi wake Edda ankangoti, "Basi, sukulu yatsegulidwa!"

Nkhani yake yapamtima inali ya liwu limodzi la masamu. Aarabu analibwereka kwa Amwenye, nalitchula jiba, kutanthauza chingwe cha uta. Koma Chiarabu polemba chimasiya zilembo zina, ndiye mzungu wina pomasuliranso anawerenga jaib, thumba la malaya.

"Akanangofunsa Mwarabu mmodzi!" ankatero Overstone uku akufa ndi phwete.

Kenaka mwana wawo wamkazi Tusekile anapeza womanga naye banja: mnyamata wa a Jabbar, aphunzitsi opuma ntchito ochokera ku Baghdad komweko. A Jabbar anaitana a Chisenga kunyumba kwawo ku Mirrabooka kuti mabanja adziwane. Tusekile, wokulira ku Perth, anaimba foni: "Dad, bring a plate."

"Akuti tipite ndi mbale," Overstone anauza Edda. "Ziwiya zawachepera."

"Abambo ake a Tuse, taimbaninso mufunse bwino."

"Ine? Ndifunse mwana Chizungu?"

Anapita atanyamula mbale ziwiri zokongola, zokulungidwa m'kansalu. Pakhomo anapeza alendo anzawo akutsitsa mpunga, nyama yowotcha ndi zotsekemera. Ku Perth mawu aja amatanthauza kubwera ndi chakudya! Tusekile ataona mbale zili mbee, zopanda kanthu, pamaso pa apongozi ake, misozi inalengeza, nathawira kukhitchini. Edda analakalaka nthaka itang'ambika.

A Jabbar analandira mbalezo ndi manja awiri.

"Tusekile amati mumakonda omasulira akwathu," anatero mofatsa. "Anthu aja sankagwira ntchito payekhapayekha. Wina ankadziwa Chigiriki, wina Chisiriya, wina Chiarabu. Liwu likavuta, ankafunsana."

Atatero anadzaza okha mbale zija. Overstone anadya mwamanyazi.

Pobwerera, Edda ndiye anatsegula pakamwa.

"Mzungu wanu uja anatola thumba. Inu mwatola mbale, ziwiri."

Kuyambira tsikulo nkhani ya jiba sinamvekenso m'nyumbamo. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.