Chikhatho pa Mng'alu wa Njinga

M'tauni ina yaing'ono kufupi ndi malire a Mozambique munali munthu wina wowotcherera zitsulo. Ankapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo za ng'ombe. Kutchalitchi sankajomba, ndipo ankakonda mpando wakutsogolo.

Mpingo wawo unali utatumiza banja lina kukalalikira kutsidya kwa malire: abusa, mayi busa ndi ana awo awiri. Midzi ya kumeneko ndi yotalikirana. Ukanyamuka m'mawa wapansi, mudzi wina umaufika dzuwa litapendeka. Ndiye abusa aja analemba kalata kumpingo. Sanapemphe zambiri ayi. Anangoti, "Tithandizeni choyendera chodalirika, choti chikatinyamula chizikatifikitsa."

Kalatayo itawerengedwa, amayi anayamba kupangana zosonkha mtedza, abambo zoumba njerwa zogulitsa. Koma wowotcherera uja anaimirira nati, "Musavutike abale. Njinga yanga yamoto ija ndaipereka kwa Ambuye." Nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Chimene anthu sankadziwa ndi ichi. Njingayo inali yong'aluka pakhosi, pamene chiwongolero chimalumikizana ndi thupi lake. Anali atagunda nayo chitsa chaka chapitacho, ndipo mwini wakeyo ankaopa kuikwera pamsewu wamiyala. Chitsulo cha pamenepo chinkafunika kusintha chonse. Iye ankadziwa, pajatu ndiyo inali ntchito yake. Koma anangowotcherera pamwamba, n'kupala bwinobwino, n'kupaka penti wofiira.

Lamulungu lopereka njinga, abusa aja anabwera kudzaitenga. Anailowetsa m'tchalitchi, n'kuiimika kutsogolo. Mkulu wampingo anati, "Tiyeni tiisanjike manja, tiipempherere." Wowotcherera uja poyandikira anaona kamzere pansi pa penti, kakang'ono ngati tsitsi, kakuonekera ndi kuwala kwa pawindo. Anafulumira kuwapitirira anzake, n'kuika chikhatho chake pomwepo.

Pemphero linali lalitali. Onse anatsinzina, iye yekha maso ali pa njinga. Ameni atanenedwa, dzanja lake linali likadali pompo. Mayi wina ananong'oneza mnzake kuti, "Taonani mmene aikondera ntchito ya Mulungu bambowa, mpaka dzanja likukana kuchoka."

Atatuluka panja, abusa anamutengera pambali. "Achimwene, njingayi mumaidziwa ndinu. Pali chimene ndiyenera kusamala nacho?"

Pamenepo ndi pamene panagona nkhani yonse, abale anga. Mawu anali pakamwa. Koma anthu anali akumugwirabe chanza, ena akumuloza kwa ana awo. Iye anangoti, "Palibe, abusa. Ingothirani mafuta muzipita."

Njinga inawoloka malire. Makalata ankabwera onena za midzi imene yafikiridwa ndi anthu amene abatizidwa, ndipo dzina la wopereka silinkasowamo. Munthu uja anayamba kudziuza kuti mwina pemphero lija linagwira chitsulo.

Mvula itatha, abusa ananyamula mayi busa kupita nawo ku msonkhano wa amayi kuseri kwa phiri. Potsetsereka pamiyala khosi la njinga linathyoka. Abusa anangosupuka mikono. Mayi busa anagwera pathanthwe, mwendo n'kuthyoka pawiri. Anagona m'mbali mwa msewu mpaka ngolo ya ng'ombe inawapeza. Pofika kuchipatala n'kuti patapita tsiku lathunthu, ndipo mwendowo unapola mokhota.

Kalata imene inabwera pambuyo pake ndi imene inamulasa munthu uja. Abusa analemba kuti, "Mukatipepesere kwa mbale wathu. Anatipatsa njinga yabwino, ife talephera kuisamala. Misewu ya kuno ndi yoipa." Anthu anapita kunyumba kwake kukamutonthoza. Iye ankangoweramitsa mutu n'kumati, "Zimachitika." Chipepesocho anachilandira, n'kuchisunga zaka zisanu ndi zinayi.

Zaka zonsezo pemphero linkamukanika. Akati atsinzine, ankamva chitsulo chozizira cha njinga ija chikumubaya m'chikhatho.

Tsiku lina banja lija linabwera kudzacheza kumudzi. Munthu uja ali pa ntchito yake, anaona mayi busa akubwera ndi ndodo, atasenza kathumba ka mpunga. Mayiwo anafuna kugwada kuti apereke mphatsoyo mwaulemu, koma mwendo unakana kupinda. Anaseka okha nati, "Mundikhululukire bambo, ndikupatsani choimirira. Mwendowu sudziwa ulemu."

Munthu uja anazimitsa moto wake. Anagwada iyeyo pa fumbi la zitsulo, n'kuulula zonse: chitsa, mng'alu, penti, ndi chikhatho chija. Mayi busa anatsamira ndodo yawo. Kenako anati, "Bambo, mukanangotiuza. Tikanailandirabe ndi manja awiri. Pamiyala tikanamatsika n'kumaikankha."

Anasiya mpungawo pakhomo, n'kubwerera pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pansi.

Abale ndi alongo, tanthauzo lake silovuta. Mulungu sakana mphatso yong'aluka. Tonsefe timabwera kwa Iye tili ong'aluka, ndipo amatilandira. Chimene amadana nacho ndi penti. Munthu uja sanachimwe chifukwa njinga yake inali yakale. Anachimwa chifukwa dzanja limene ankapempherera nalo ndi lomwelo ankabisira nalo mng'alu. Ndipo mng'alu umene ukubisa lero suthyokera iwe ayi. Umakathyokera wina amene anakukhulupirira, kutali, kumene kulibe womuthandiza.

Ndiye mukamatumiza anthu kukagwira ntchito ya Ambuye kumaiko a eni, apatseni chimene chingawafikitse. Ngati chimene muli nacho n'chopereweza, perekanibe, koma nenani pamene pali pofooka. Chotsani dzanja aone. Manyazi a tsiku limodzi amatha, koma mayi uja ndodo ali nayo mpaka lero.

Dzina la munthuyo musandifunse. Mulungu anamukhululukira, mayi busa anamukhululukira, koma mwendo sunawongoke. Ndingokuuzani kuti dzanja limene lalemba mawu awa lili ndi zipsera za moto wowotcherera.